Madzi a mvula njira yawo, madzi akuda njira yawo: zoyang'ana ngalande za pakhomo zikamavuta

Mvula ikangoyamba mu Novembala, ine foni siyipuma. Wina ku Chitakale akuti chimbudzi cha m'nyumba chikubweza madzi. Wina ku Luchenza akuti madzi akubafa kwake akuthera pakhomo pa aneba, nkhani yafika kale kwa amfumu. Wina ku Bvumbwe akuti septic tank anapopetsa mwezi watha womwewu koma yadzazanso. Ndikafika n'kuvundukula manhole, kabokosi kovindikira koonera mapaipi a pansi, kawirikawiri ndimapeza chinthu chimodzimodzi: tsiku lina mmisiri wina, pokana kugula paipi yachiwiri, analumikiza madzi a padenga ndi madzi akuda kuti aziyendera limodzi. M'chilimwe palibe amene amadziwa. Limaulula ndi dzinja.

Ndatopa kufotokoza zomwezi khomo ndi khomo, ndiye ndazilemba pano. Pezani chizindikiro chofanana ndi cha kwanu. Pansi pake ndayamba ndi chomwe ndimachipeza kawirikawiri, n'kumatsika mpaka cha apo ndi apo.

## Malamulo ake ndi ochepa

- Madzi a padenga ndi oyenda pabwalo apite mu mgolo, m'thanki, kudimba kapena mu ngalande ya mumsewu. Asalowe mu septic tank, mu soakaway kapena m'dzenje la chimbudzi.
- Madzi akubafa, a mu sinki ndi ochapira apite m'dzenje la miyala lokwirira, lija amisiri timati soakaway. Ngalande ya mvula, msewu ndi mtsinje si kwawo.
- Akuchimbudzi ndi a septic tank kapena dzenje la chimbudzi basi.
- Dzenje lililonse la madzi akuda litalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita 30 kapena kuposa, ndipo likhale kumunsi kwake.

Anthu ena amati madzi ndi madzi, a mvula amathandiza kutsuka mapaipi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Nyumba ya malata ya mamita 10 kwa 8, mvula ya mamilimita 50 ikagwa usiku umodzi, zomwe kuno kunsi kwa phiri la Mulanje si zachilendo, denga limatsitsa malita 4,000. Imeneyo ndi migolo 20 ya malita 200. Banja losambira ndowa mwina limataya mgolo umodzi patsiku. Ndiye dzenje lomwe linakumbidwa kuti lizimwa mgolo umodzi patsiku mwalimwetsa migolo 20 usiku umodzi. Madziwo amafunafuna pakamwa potsika kuposa ponse, ndipo m'nyumba zambiri pamenepo ndi pabowo la m'bafa.

Musanagwire khasu, dzifunseni funso limodzi: vutoli limabwera ndi mvula, kapena liripo ngakhale mu Okutobala? Likamabwera ndi mvula, madzi a mvula akulowa posayenera. Likakhala la chaka chonse, china chake chatseka kapena chadzaza.

## 1. Chimbudzi kapena bafa kubweza madzi mvula ikagwa

Kumayamba ndi phokoso, chimbudzi kumalira ngati munthu akuchukucha mkamwa. Kenako madzi otuwa amatulukira pabowo la m'bafa.

Paipi ya gata yolowa mu manhole kapena mu gully trap, kabokosi kakunja kolandira madzi a sinki ndi bafa. Ichi ndiye chachikulu.
- Kuona kwake: tsiku lopanda mvula vundukulani manhole. Munthu wamkulu akwere makwerero athire ndowa ya madzi mu gata, inu muli pa manhole. Madziwo akatulukira mmenemo, mwagwira wakuba. Yesani paipi iliyonse payokha, poti nyumba zina ili imodzi yokha yolakwa.
- Kukonza: dulani paipiyo, kamwa lolowera pansi mulitseke ndi chivindikiro cha PVC kapena simenti. Madzi a gata agwere mu mgolo wovindikira, ndipo osefukira mu mgolomo akhale ndi kangalande kowachotsa pakhoma.

Nyumba ina yalendi yomwe ndinaitanidwako, eni ake anali atapopetsa thanki katatu dzinja limodzi, ulendo uliwonse kulipira galimoto. Alendi ankanenedwa kuti amasamba mowononga. Titathira ndowa mu gata ya kuseri, madzi anatulukira mu manhole tisanamalize n'kulankhula komwe. Paipi inali itadutsa pansi pa maluwa, yokwiriridwa bwinobwino. Kuidula sikunatenge theka la ola. Bambo aja anangogwira m'chiuno n'kunena kuti, "Ndiye ndakhala ndikupopetsa mvula eti?"

Gully trap yopanda mlomo. Kabokosi kaja kakunja komwe paipi ya sinki ndi ya bafa zimathira madzi kamayenera kukhala ndi kampanda kokwera pang'ono. Kakafanana ndi bwalo, madzi onse oyenda pansi amathera mmenemo. Imani pakhonde mvula ikugwa muone. Kuzunguliza njerwa imodzi n'kupaka pulasitala kumakwana.

Chivindikiro chosweka kapena chomwe chamira. Pakapita zaka dothi limakwera, manhole n'kutsala m'chigwa. Kwezani ndi mizere iwiri ya njerwa, ikani chivindikiro chokhala bwino. Chimodzimodzi pa septic tank.

Nthaka yakhuta. Izi n'za Febuluwale ndi Malichi, makamaka kufupi ndi dambo kapena mtsinje. Madzi a pansi amakwera mpaka soakaway imakhala ngati chitsime.
- Kuona kwake: kumbani kadzenje kakuya pafupifupi mita imodzi patali pang'ono ndi soakaway. Mukapeza mawa lake muli madzi oyera, vuto si paipi.
- Chochita: chepetsani madzi olowa, muzichapira panja. Musapopetse thanki mpaka kuuma nthawi imeneyi. Ya pulasitiki imatha kuyandama n'kuthyola mapaipi, ya njerwa imatha kung'aluka, ndipo madzi amabwereranso pasanathe masiku. Apa pakufunika mmisiri wodziwa kuti akonze ngalande yosaya yomwetsera madzi m'malo mwa dzenje lakuya.

## 2. Madzi kutsika mozengereza ngakhale kulibe mvula

Apa mvula ilibe mlandu. Yambani ndi kukhitchini.

1. Mafuta, makoko a nsima, mchenga ndi phulusa. Mchenga wokwechera mapoto ndi mdani wa sinki. Umakhazikika m'kapaipi kokhota ka pansi pa sinki, mafuta n'kuumata. Ikani beseni pansi, masulani kapaipiko, tsukani. Mapoto amwaye muzikwechera panja pafupi ndi thandala, ndipo pabowo la sinki pakhale kasefa.
2. Zosasungunuka m'chimbudzi. Mapampasi, majumbo, nyuzipepala, zitsononkho. Vundukulani ma manhole motsatana kuchokera kunyumba. Ina ikakhala yodzaza, yotsatira yopanda kanthu, chatseka chili pakati pa ziwirizo. Tokosani ndi ndodo zotsegulira mapaipi, mutavala magolovesi. Chitsulo chakuthwa chimaboola PVC.
3. Thanki ya chimbudzi yodontha. Pukutani mkati mwa mtondo wa chimbudziwo cha kumbuyo, matanipo kapepala kouma usiku. Mukakapeza konyowa mmawa pomwe palibe anagwiritsa ntchito, madzi akutsika usiku wonse kukadzaza soakaway. Bilu ya Southern Region Water Board nayo imakuuzani. Kawirikawiri ndi kalabala kotha, kotchipa.
4. Septic tank yadzaza matope. Kulungani nsanza yoyera kunsonga ya nsungwi yaitali, ilowetseni mpaka pansi muli chiimire kunja, dikirani pang'ono, itulutseni. Matope akuda akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake, itanani galimoto yopopa.
5. Soakaway yakalamba. Sopo ndi mafuta zimamata makoma ake mpaka dothi limasiya kumwa. Chizindikiro ndi udzu wobiriwira ndi pansi pofewa pamalo amodzi, kwina konse kuli gwa. Kuichotsa miyala n'kubwezeramo sikukhalitsa. Kumbani ina pambali.
6. Mizu kapena paipi yogona molakwika. Bulugamu ndi nsungwi zimatsata chinyezi n'kulowa pamfundo za paipi. Komanso paipi ya mamilimita 110 imafuna kutsika pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona ndendende, zinthu zimaima panjira. Zonsezi n'zofukula, ndi ntchito ya pulambala.

Soda wamphamvu uja ogulitsa amati amatsegula chilichonse, ine sindimuyamikira. Amawotcha manja ndi maso, ndipo akachuluka amapha tizilombo tomwe timawoletsa zonyansa m'thanki.

## 3. Ngalande ya mvula kununkha, kuchita thovu kapena ndere m'chilimwe

Ngalande ya mvula mu Okutobala iyenera kukhala youma, nkhuku n'kumasambamo fumbi. Ikakhala yonyowa, wina akuthiramo madzi akuda.

- Paipi ya bafa kapena sinki yolozetsedwa m'ngalande. Sungunulani sopo wambiri mu ndowa, thirani m'bafa, wina aime kungalande. Pa nyumba za mdadada yesani khomo lililonse. Paipiyo ichotsedwe ipite ku soakaway.
- Malo ochapira omangidwa m'mphepete mwa ngalande. Amayi sangasiye kuchapira pomwe pali mwala wabwino, ndiye musalimbane nawo. Mangani kamlomo kakang'ono kuti madzi akhotere kudzenje lawolawo.
- Soakaway yosefukira mobisa. Onani nambala 5 pa gawo 2 pamwambapa.

Nkhani iyi ndiyo imadanitsa anthu. Kuno malo ambiri ndi otsetsereka, wakumtunda akasamba wakumunsi amadziwa. Mvula ikabwera imanyamula zonsezo kupita nazo ku Ruo, ku Likhubula, ku Thuchila, komwe ena amatunga ndi kuchapa. Kolera yomwe inabuka mu Malichi 2022 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye amene akudandaula za madzi anu sakukuvutitsani dala. Lamulo la Public Health Act limaona ngalande kapena dzenje lonyansa loika moyo wa anthu pachiswe ngati chinthu chomwe khonsolo ingalamule mwini malo kuti achotse. Ngati madzi akuchokera kwa aneba, yambani mwakawaonetsa mwaulemu. Zikakanika, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi amfumu alipo. Musatseke ngalande ndi matumba a mchenga usiku. Madziwo adzangolowa kwa wachitatu.

## 4. Chithaphwi kuseri kwa bafa lapanja

Ichi chili pafupifupi paliponse kumudzi: bafa la udzu kapena la njerwa, kabowo pansi pa khoma, kunja kwake matope akuda, abakha ndi udzudzu.

Choyamba n'chakuti palibe dzenje n'komwe. Chachiwiri, dzenje lilipo koma ndi lapululu, ndiye mvula ndi zinyalala zimalidzaza. Chachitatu, dothi lake silimwa.

Yesani dothi musanavutike. Kumbani kadzenje kofika m'bondo, dzazani madzi, akamwerera dzazaninso. Achiwiriwa akatha pa maola ochepa, malowo ndi abwino. Mukawapeza mawa ali pomwepo, ndi dothi la makande kapena katondo wothinana, dzenje lakuya silithandiza.

Pomwe dothi likumwa:
- Kumbani dzenje la pafupifupi mita imodzi mbali zonse, kuya chimodzimodzi, mapazi asanu kapena kuposa kuchokera pakhoma la nyumba. Mapazi ndikunena ndi oyenda munthu wamkulu.
- Pansi miyala ikuluikulu, pamwamba ing'onoing'ono. Zidutswa za njerwa zowotcha zimagwiranso. Zosawotcha zimasanduka phala.
- Paipi ilowe pakati pa miyala cha kumtunda.
- Yalani masaka kapena lata lakale, kwirirani, ndipo dothi la pamwamba litumbe ngati mzere wa mbatata kuti mvula izitsetsereka. Anthu ambiri amalakwitsa apa, amasiya pokumbika.
- Pakati pa bafa ndi dzenje ikani kachidebe kobooka pansi, muli udzu wouma, kuti kazigwira tsitsi ndi sopo. Udzuwo muzisintha. Kachidebe kameneka ndiko kamatalikitsa moyo wa dzenje.

Pomwe dothi silimwa, kumbani ngalande yaitali yosaya motsata mopingasa mtunda, dzazani miyala, kwirirani, n'kubzala nthochi kapena nzimbe m'mbali mwake. Makolo ankadziwa chifukwa chomwe nthochi ya kuseri kwa bafa imanenepera. Kungoti chisaka chinatisautsa kuno ku Thyolo ndi Mulanje, ndiye mbewu yake funsani alangizi, musangozula kwa aneba. Masamba odya osaphika ndi tomato zisamwe madzi amenewa.

## 5. Khoma kunyowa m'munsi, pulasitala kusupuka, fandeshoni kuonekera

- Denga lopanda gata, madzi kugwera pafupi ndi khoma. Mudzaona kamzere kokumbika pansi motsatana ndi malata. Ikani gata, kapena yalani miyala pamzerewo, kapena mangani kakhonde ka simenti kotsetserekera kunja.
- Gata yodzaza masamba. Mapeyala ndi mango akakhala pafupi, yeretsani mu Okutobala, mubwerezenso pakati pa dzinja.
- Madzi ochokera kumtunda. Nyumba zomangidwa m'mbali mwa phiri zimalandira madzi a munda wonse wa kumtunda. Kumbani ngalande yopatutsa kumtunda kwa nyumba, bzalani vetiva m'mphepete, ndipo ikathere komwe sikuli nyumba ya munthu.
- Soakaway yoyandikira khoma. Khoma limodzi lokha likamanyowa chaka chonse, funsani kuti dzenje linakumbidwa pati.

Kuno tilinso ndi chiperoni. Mu Juni ndi Julayi kwina anthu ayanika chimanga, ife khoma silinaume n'komwe. Ndiye kunyowa kwa miyezi imeneyo kokha kusakuthamangitseni kukafukula mapaipi.

Mng'alu ukaoneka pakhoma n'kumakula, chitseko n'kuyamba kukana kutseka, kapena nthaka ya kumtunda kwa nyumba ikang'ambika, siyani za ngalande. Tulutsani ana mukagone kwina, muuze amfumu ndi a khonsolo. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti dothi likakhuta silichenjeza kawiri.

## 6. Chimbudzi chokumba kudzaza madzi kapena kutitimira

1. Madzi a pabwalo akulowera m'mbali mwa silabu. Kwezani dothi mozungulira, tsinderani, ndi kukumba kangalande kumtunda kwake.
2. Denga lake lodontha kapena kulibe. Folerani, ndipo madzi a dengalo agwere kutali ndi dzenje.
3. Bafa lolozetsedwa m'dzenje la chimbudzi. Ambiri amamanga ziwirizi mogundana n'kuboola kabowo pakati. Madzi osamba tsiku ndi tsiku amafewetsa makoma a dzenje, dzinja n'kudzamaliza. Bafa lipatseni dzenje lakelake.
4. Dzenje linafika pa madzi a pansi. Pansi pa dzenje payenera kutsala dothi la mita imodzi ndi theka musanafike pomwe madzi amafika m'dzinja. Kumadambo yankho ndi chimbudzi chokwezeka, chomangira njerwa mkati.

Silabu ikapendekeka kapena mitengo ya pansi ikayamba kulira munthu akaponda, tsekani chitseko ndi waya tsiku lomwelo. Musathiremo oyilo wakutha wa galimoto poti athetse fungo, amakathera m'madzi a pansi. Phulusa ndi chivindikiro pabowo zimakwana.

## 7. Fungo m'nyumba pomwe palibe chatseka

Kapaipi kokhota ka pansi pa sinki kapena bafa kamasunga madzi otchinga mpweya. Chipinda chikakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito, madziwo amauma. Thirani kapu ziwiri. Fungo likapitirira, onani paipi yotulutsa mpweya yokwera padenga, mwina mbalame zamangamo chisa kapena mmisiri sanaiike.

## 8. Madzi a pachitsime kuda kapena kununkha mvula ikagwa

Apa palibe zoyesayesa. Siyani kumwa osawiritsa kapena osathira klorini, uzani alangizi a zaumoyo, ndipo yezani mtunda kuchokera pachitsime kufika pa chimbudzi ndi soakaway iliyonse, ya aneba yomwe. Onaninso ngati simenti ya pakamwa pa chitsime yang'aluka. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, mpatseni Thanzi ORS muli paulendo wa kuchipatala.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana odziwa

- Kulowa mu septic tank kapena manhole yakuya. Musayerekeze, ngakhale itapopedwa. Muli mpweya womwe umagwetsa munthu asanakuwe, ndipo wachiwiri wolowa kukapulumutsa amagweranso momwemo. Musasuzumiremo ndi kandulo, machesi kapena fodya, mpweya wina umayaka.
- Zakuchimbudzi zalowa m'nyumba. Ana atuluke, magetsi azimitsidwe ngati madzi ayandikira masoketi, pansi patsukidwe ndi klorini. Klorini musamuphatikize ndi mankhwala ena otsukira.
- Kukumba kopitirira m'chiuno m'dothi lonyowa. Makoma amagumuka.
- Paipi yodutsa pansi pa nyumba, kapena pafupi ndi paipi ya madzi akumwa.
- Kukhudza ngalande ya mumsewu kapena kalavati. Zimenezo si zanu, yambani mwafunsa ku khonsolo.

Mukaitana galimoto yopopa, funsani komwe akukataya. Anyamata okapa ndi ndowa usiku n'kukathira kukhwawa ndi otchipa, koma khwawalo limatsikira kwa anthu. Mukaitana pulambala kapena mmisiri, musamalize kulipira asanayese ndowa ija ya mu gata inu mukuona, ndipo mapaipi asanakwiriridwe ajambuleni pa foni, kuti wodzabwera pambuyo asadzafukule bwalo lonse.

Kukumba kwenikweni kumayenda bwino mu Seputembala ndi Okutobala, dothi lili louma. Koma malo oti mukumbe asankheni mu Febuluwale: tulukani ndi ambulera mvula ili pakati, muone komwe madzi akuyenda ndi pomwe akuima, mukhomepo zikhomo.